Nthungululu ya Madola Awiri

Bambo Lameki a ku Highfield mtima wawo wonse unali pa mpando wa tcheyamani wa sosaiti ya maliro, ndipo chisankho chinali Lamlungu likudzalo. Tsoka lake, sabata yomweyo ndi imene mwana wa mlongo wawo, Ratidzo, mtsikana woti nthabwala imamudutsa ngati kombi, minibasi ija, yodzaza, anatulukira ndi pulogalamu ya pafoni yoti mamembala azisonkherana za tenti, nkhuni ndi galimoto ya kumanda popanda wina kudziwa za mnzake.

"Yatha, amalume," anatero Ratidzo, n'kuika foni patebulo. "Munthu akapereka, aziona zake zokha. Gulu liziona ndalama zonse pamodzi ndi zimene zagulidwa. Dzina palibe."

"Dzina palibe?" Bambo Lameki anavula magalasi. "Ndiye mlembi aziwerenga chiyani?"

"Sawerenga."

"Nanga nthungululu?"

"Ya chiyani?"

"Iwe, unakulira kuti kodi? Chibwerere makolo athu kuno kuchilendo kuchokera ku Dedza, mlembi amaimirira n'kufuula kuti, 'Bambo Lameki, madola makumi awiri!' Amayi onse, lululululu! Pa msika wa Machipisa ngakhale ometa tsitsi amanditcha Bambo Twente."

"N'chifukwa chake asungichuma, Mayi Nyarai, anandituma. Akuti amayi ogulitsa tomato akabwera ndi dola imodzi, anthu amangotsokomola. Ena asiya n'kubwera komwe."

"Wachifuwa apite kukiliniki. Ine ndikufuna nthungululu yanga."

"Ehe. Dikirani." Ratidzo anagogoda pakompyuta pake. "Ndaikamo. Foni izikululutirani."

"Pagulu?"

"M'thumba. Chapansipansi."

"Nthungululu ya m'thumba! Mayo ine! Ndiye Kingston wa ku Warren Park, amene akulimbirana nane mpando, aimva bwanji? Alowetse mutu m'buluku langa?"

"Aiwa, ayi. Zimenezo zingaphwanye chinsinsi."

Bambo Lameki anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda.

"Tiyese," anatero Ratidzo. "Mwapereka zingati?"

"Twente."

"Twente. Tsopano ikudikira kuti Mayi Nyarai atsimikize ndalama zimene zagona m'bokosi."

"Zagona?"

"Zimene zatsalamo anthu onse atapita kwawo."

"Bwanji osangolemba zimene zalowa?"

"Zolowa ndi zotsala n'chimodzimodzi, amalume."

"Kwa ana, inde." Anatsokomola, n'kukankha chitseko ndi phazi kuti chitsekeke. "Tinene kuti pali munthu. Osati ine."

"Dzina lake?"

"Si iwe wati dzina palibe?"

"Zoona. Pitirizani."

"Munthuyo wakweza twente m'mwamba kuti aliyense aione. Amayi alulutira. Waiika m'mbale. Msonkhano utatha, wazungulira kuseri kwa tchalitchi, cha kuchimbudzi kuja, wakumana ndi asungichuma, watenga twente yake, wasiya madola awiri. Mwaulemu wake."

"Ndiye wapereka awiri."

"Wapereka twente!"

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Kaya. Theka la ola."

"Ndiye wabwereketsa twente kwa theka la ola, n'kupereka awiri. Ndiike malo olembapo ngongole za theka la ola?"

"Usaike!"

"Mukutuluka thukuta, amalume."

"Kwatentha."

"Ndi mwezi wa Juni uno. Mwavala majuzi awiri."

Bambo Lameki anatambasula dzanja, n'kutenga Baibulo pashelefu, n'kulitsegula pa Masalimo. Twente inali momwemo, yosalala ngati kolala ya abusa.

"Ndimaisita Loweruka lililonse loti mawa kuli msonkhano," anatero ndi mawu otsika. "Ndinatha mphamvu zanga zonse m'fakitale ku Willowvale, Ratidzo. Penshoni yake ndikagula buledi ndi magetsi, yatha. Chimene chanditsalira ndi dzina. Ukandilanda dzinalo, mpando wapita kwa Kingston, ine n'kukhala nkhalamba wamba ya majuzi awiri."

Ratidzo anawamvera chisoni kwambiri. Koma chisoni cha Ratidzo chimatulukira m'zala, choncho anafufuta twente ija n'kulemba awiri. Foni inalira.

"Lu."

"N'chiyani chimenecho?"

"Nthungululu yanu."

"Yatha?"

"Ndinaiyeza malinga ndi ndalama. Ya madola awiri ndi imeneyo."

"'Lu'? Ine, Lameki, amene ndinanyamula mabokosi a maliro a theka la Highfield, 'lu'? Ngakhale nkhuku yomwa madzi imaposa pamenepo!"

"Nkhuku siinapereke kanthu, amalume."

"Tamvera kuno. Konza motere: twente ionekere kwa onse, zakuseri zibisike."

"Sizingatheke. Pali njira ziwiri. Zonse poyera, kapena zonse zobisika."

"Chabwino, zonse poyera! Anthu aone amene ali mwamuna!"

"Ndikadina apa, mamembala onse aona 'Lameki, madola awiri.' Ndidine?"

"Chotsa chala pamenepo!" Anamugwira dzanja. "Iwe, sungamve munthu akamalankhula mokwiya?"

"Ndamva. Mwati poyera."

"Ndati za Kingston poyera. Zanga zobisika."

"Pulogalamu sidziwa kuti ndinu amalume anga."

"Iuze!"

"Singamve. Kwa iyo aliyense ndi chimodzimodzi."

"Ndiye n'chifukwa chake ilibe ulemu. Chabwino, iweyo suzumira. Kingston masiku ano akukweza twente-faifi, munthu woti nsapato zake zimamwa madzi. Tandionera chabe. Ndikugulira nyama ya pa Machipisa."

"Sindingathe kuona. Zimakhala zokhoma m'foni ya mwini wake ndi ya asungichuma basi."

"Koma wapanga ndiwe!"

"Ehe."

"Wamanga nyumba n'kudzitsekera panja?"

"Ndiye ubwino wakewo."

"Sukulu yonse ija mlongo wanga analipira, kuti udzapange chinthu chokukana iwe mwini!" Anagwetsa manja pamaondo. "Nanga ine ndingaone chiyani m'kachinthu kako kamwanoka?"

"Zonse pamodzi. Mayi Nyarai alowetsamo kale za mwezi watha." Anawatembenuzira foni. "Madola makumi atatu ndi asanu ndi awiri."

"Wasiya nambala ina kutsogolo."

"Sindinasiye."

"Mlembi anawerenga handiredi sikisite! Ndinaombera m'manja ndekha!" Bambo Lameki anadzuka, n'kuvala chipewa chozondoka. "Akuba! N'chifukwa chake tenti tikubwerekabe kwa a Zioni! Nyarai watidyera! Ndikupita konko pompano!"

"Pa ndalama zosowazo, khumi ndi zisanu ndi zitatu zili mu Masalimo."

"Zimenezo n'zina. Nanga zotsalazo?"

"Sindidziwa, ndipo sindiyenera kudziwa. Ndingofunsako za ntchito yanga. Kuseri kuja mumakhala nokha? Ndikufuna ndione ngati foni ya Mayi Nyarai ingachedwe potsimikiza."

"Ndekhandekha. Kungoti pamakhala kamzere ka kuchimbudzi, ndiye ndimayamba ndadikira kuti anthu achepe."

"Kamzere ka ndani?"

"Azibambo anzanga. Kingston sasowa. Bambo Knowledge. Mlembi nayenso. Ukalamba, mwanawe, sudzaumvetsa."

"Chimbudzi chija n'chokhoma, amalume."

"Chokhoma bwanji?"

"Chilekere madzi kutuluka m'mipopi, anaikapo loko. Chaka chatha chonse. Timapita kwa Mayi Melina kutsidya kwa msewu."

Bambo Lameki anakhala pansi pang'onopang'ono, chipewa chidakali chozondoka.

"Kingston amaima ataika dzanja m'thumba la jekete," anatero ngati akulota. "Amandipatsa moni osandiyang'ana."

"Sindinanene kanthu ine."

"Ndipo amandiuza kuti, 'Tsogolani, achimwene, ine sindinapanikizike kwambiri.'"

"Sindinanene kanthu."

"Ine ndakhala ndikuwapempherera anthu amenewa! Ndimati ndi matenda a shuga! Mpaka ndinamupititsira Kingston masamba a mankhwala kuti aziwiritsa!"

"Anamwa?"

"Anati akupezako bwino, wabodza uja!"

Anapumira m'mwamba, n'kuyang'ananso nambala ija pafoni.

"Ndiye nkhuni za pamaliro a mlamu wanga zinagulidwa ndi chiyani?"

"Ndi ndalama zogona m'bokosi."

"Ma dola imodzi imodzi aja? A amayi a tomato?"

"Mayina sindiwadziwa. Koma matwente sagona."

"Ndipo ife n'kumawatsokomolera." Bambo Lameki manyazi anawagwira kwenikweni. Anatseka Baibulo, n'kukonza chipewa. Koma manyazi a munthu wofuna mpando sakhalitsa, ndipo posakhalitsa maso awo anayamba kuwala. "Ratidzo. Lamlungu ndikaimirira n'kunena kuti sosaiti iyambe kugwiritsa ntchito kachinthu kakoka, amayi onse aja avotera ndani?"

"Sindingadziwe. Voti ndi yachinsinsi."

"Nanga Kingston angatsutse? Atsutse anene kuti chiyani, ine nditamuyang'ana m'thumba la jekete?"

"Ndiye ndisankhe ziti? Poyera kapena zobisika?"

"Bisa! Khoma zonse! Uikenso loko wina pamwamba, woposa wa kuchimbudzi!"

"Nanga nthungululu?"

"Ikhale yofanana kwa aliyense. Wa dola, wa madola awiri, yaitali bwino."

"Zimenezo zitheka." Anagogoda pang'ono, kenako anaima. "Koma amalume, mwanena kuti kuwerenga mayina ndi mwambo umene makolo anabwera nawo kuchokera ku Dedza."

Bambo Lameki anabwezera Baibulo pashelefu, n'kumuyang'ana modabwa kwambiri.

"Ndani wanena zimenezo? Makolo athu anali anthu a chinsinsi, iwe! Zofuula ndalama pagulu ndi khalidwe la ku Warren Park!"