Mpanda womwe anamanga bambo anga

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Nselema. Bambo anga anali mmisiri, ndipo ankanyadira kuti pa unyamata wawo anamanga nawo mpanda wa bwalo la mpira la timu ina yotchuka. Chaka chatha ndinawatenga kuti akauonenso tsiku la mpira.

Tinapeza azibambo atandanda, akukodzera mpandawo, chikhalirecho zimbudzi zinali zotsegula pafupi pomwepo. Fungo lake ndinachita kutseka mphuno ndi chitenje.

Bambo anati, "Ana anga, njerwa izi ndinayala ndine."

Mmodzi anacheuka osaleka n'komwe. "Ndiye munamanga chimbudzi cholimba, madala!"

Anzake anaseka.  Tinabwerera mpira usanayambe. Lero bwalolo likangotchulidwa pa wailesi, bambo amadzuka n'kutuluka panja.