Mapatapata Pakhomo la Fainess

Pa siteji ya minibasi ku Kapata, bambo wina anaima padzuwa atakumbatira katoni ngati khanda. Mayi wina amene ankadikira pamthunzi analephera kupirira.

"Mwagula wailesi, abambo?"

"Iyayi amayi, ndi makina a gemu olumikiza ku TV. Atsopanowa."

"Aja odula ngati njinga? Kwa mchemwali wanga kuli akale, akugwirabe bwinobwino."

"Akale tili nawo ifenso. Wogulitsa wati awa mitundu yake ndi yowala."

"TV yanu ndi ya kala?"

"Ya bulaki eni waiti."

"Nanga mitunduyo mukaionera pati? Akudyerani masuku pamutu!"

"Mwina. Koma mwana wanga Fainess sayenda, miyendo inafooka ali wamng'ono. Nditagula akale aja, ana a m'komboni ankadzaza m'nyumba, kuseka naye, kukangana naye, mpaka amayi ake kuwathamangitsa kuti akadye. Mwezi watha aneba anagula atsopanowa, ana onse n'kusamukira kumeneko. Fainess amangomva phokoso lawo kuseri kwa khoma."

"Mayo ine! Akulira?"

"Bola akanalira. Amangofunsa ngati chitseko tachisiya chotsegula."

"Nanga anebawo akadzagula ena oposa awa?"

"Ndidzagulitsa njinga. Za mitundu ine sindizidziwa, amayi. Ndikungofuna ndikaweruka kuntchito ndizipunthwanso pa mapatapata a ana pakhomo panga."

Mayi uja anasuntha dengu lake.

"Bweretsani kuno katoniyo, abambo, ingaonongeke ndi dzuwa."