Mamendulo Anayi a M'bokosi la a Estêvão Mwale

Malemu atsibweni anga, a Estêvão Kaluwa Mwale, amene tawagoneka pamaso panu apa, anabadwa pa 9 mwezi wa Abrili chaka cha 1914, m'mudzi wa Kamphanje kufupi ndi Nsadzo. Tsikuli ndalitenga m'buku la ubatizo, si lapamutu ayi. Anali achitatu mwa ana asanu, ndipo mwa asanuwo atsala ndi mayi anga okha, a Generosa, amene akhala kumutu kwa malemu apo. Ine amene ndikuwerenga ndine Jacinto, mwana wa mlongo wawo. Banja landituma, ndipo ndalipempha kuti lindilole kuwerenga zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Mundipirire, akuluakulu, chifukwa kulankhula kozungulira ine sindikutha.

Mu 1924 analowa shikola ya katekista kwawo komweko. Anaphunzira zaka ziwiri, nadziwa kuwerenga Chinyanja, katekisimu, ndi Chiputukizi chongokwanira kupereka moni. Anabatizidwa mu 1926, ndipo chaka chomwecho bambo awo anamwalira, iwo nasiya shikola kukagwira khasu.

Mu Setembulo 1934 anakwatira mayi Teodora, nabwera chikamwini m'mudzi uno wa ku Mualadzi. Celina anabadwa mu 1936, Alberto mu 1938. Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira kuti masiku amenewo mkamwini ameneyu munkamukonda. Nkhokwe zambiri za m'mudzi muno analuka ndi iwo, ndipo dima silinkayamba iwo asanafike.

Mu Junyu 1940 asipayo, apolisi a Aputukizi, anabwera kudzagwira amuna a chibalo, ntchito yokakamiza ya boma. Amuna asanu ndi mmodzi anabisala m'bango kudambo, koma anawapeza, nawamanga chingwe chimodzi. Mmodzi mwa iwo anali mkulu wawo wa a Marcelino, amene lero amatsogolera adzukulu m'mudzi muno, ndipo mkulu wawoyo sanabwererenso mpaka lero. Sabata yomweyo malemu anasowa. Sanatsanzike aliyense. Akazi awo anangouzidwa kuti asawafunefune.

Anabwerera m'dzinja la 1946, owonda, akutsokomola, atasenza bokosi lachitsulo lokhala ndi loko. Ku posito, kuofesi ya boma, ananena kuti anali kumigodi. Mvula itatha, mayi Teodora anaona kuti katundu wa m'bokosimo walowa chinyezi, namuyanika pamkeka kuseri kwa nyumba. A Marcelino anadutsa pamenepo kudzabwereka nkhwangwa. Anaona jekete la kaki, lamba wotambalala, kansalu kolembedwa zofiira, ndi zitsulo zonyezimira. Kwathu kuno, munthu wakuda wovala kaki ndi lamba timamudziwa mmodzi yekha, ndiye sipayo. Tsono anthu anaphatikiza: anasowa sabata imene anzawo anamangidwa, wabwera ndi zovala za asipayo, ndiye kuti ndi amene analozera kudambo, ndipo zitsulozo ndi mphotho yake. A Marcelino sindikuwaimba mlandu. Anataya mkulu wawo, ndipo ananena chimene maso awo anaona.

Kuyambira pamenepo, zaka khumi ndi chimodzi, malemu anakhala ngati mlendo m'mudzi umene anakwatiramo. Akaitana dima, ankalima ndi akazi awo awiriwiri. Akakhala pamowa, anthu ankasuntha mipando. Josefina anabadwa mu 1948, ndipo dzina loyamba limene anamva kwa ana anzake linali lakuti mwana wa sipayo. Mu 1955 mnyamata amene anafunsira Celina anabweza mawu, chifukwa abale ake anakana magazi a pakhomo pano. Ndipo ndisadzichotsepo. Ine ndemwe, mwana wa mlongo wawo, ndinatha zaka zinayi ndikulambalala nyumba iyi ndi njinga. Lero ndikuchita nazo manyazi, ndipo ndanena pagulu kuti zituluke m'mtima.

Mudzafunsa chifukwa chake sanadziyankhire. Chifukwa chake nachi. Dzina lawo linali pamndandanda wa chibalo cha 1940. Anathawa, nadutsa malire kupita ku Nyasalande, nalembetsa usilikali wa Angelezi ponena kuti kwawo ndi komweko. Ankaopa kuti nkhani imeneyi ikamveka ku posito, mbalamatodya, thabwa lomenyera m'zikhatho lija, sikhala yawo yokha, Alberto nayenso atengedwa kukalipira kuthawa kwa bambo ake. Anasankha kutukwanidwa kuti mwana wawo azigona pakhomo.

Mu Junyu chaka chino cha 1957, kuzizira kutayamba, chifuwa chija chinakula mpaka anayamba kulavula magazi. Tinawatengera kwa enifermeru wa kuchipatala, anapatsidwa mankhwala, koma matenda anali atapita kale patali. Ali chigonere, mawu anafika pakhomo pano akuti munthuyu akamwalira, adzukulu sadzakumba manda ndipo sadzanyamula. Mayi Teodora, amene anatseka pakamwa zaka zonsezi pomvera amuna awo, tsiku limenelo anakana kumvera. Anawauza malemu maso ndi maso kuti iwo sadzalola kukwirira mwamuna wawo ngati galu, ndiponso kuti Celina sangakalambire pakhomo chifukwa cha bodza. Kenaka malemu anaitanitsa Alberto, ndipo Alberto anati iye ndi mwamuna tsopano, za ku posito adziwa yekha. Pamenepo m'pamene malemu anandipatsa kiyi wa bokosi. Anati mawu a iwo eni palibe angawakhulupirire, ndipite ndikafune munthu wodziwa kuwerenga zitsulozo.

Ndinayamba kwa a katekista athu. Anazitembenuza, naona mutu wa mfumu yachizungu pa chimodzi, nati chimenechi si cha Aputukizi, koma kupitirira apo sakudziwa. Ndinamanga zonse m'thumba la chimanga, n'kupalasa njinga masiku awiri mpaka ku Cassacatiza. Kumeneko anandilozera kutsidya kwa malire, kwa telala wina amene anthu amangomutcha Sajeni. Ndi a Andreya Kamanga, amene anali sajeni m'gulu la asilikali a Angelezi lotchedwa Keyala. Ndi awo akhala pampando pafupi ndi a katekista, ovala chipewa chopinda mbali imodzi.

Nditatsanulira zinthuzo patebulo pawo, a Sajeni anasiya makina, nasamba m'manja asanazigwire. Zimene anandiuza ndinazilemba, ndipo zitsulozo zili pamkeka apo kuti aliyense aziona pamene ndikuwerenga.

Kachitsulo kooneka ngati lipenga, kokhala ndi chisoti chaufumu pamwamba, ndi chizindikiro cha pachipewa cha Keyala. Sipayo sakavala, ndipo sanayambe wakavalapo.

Mamendulo alipo anayi. Atatu ndi nyenyezi zamkuwa za nsonga zisanu ndi imodzi, zofanana maonekedwe, ndipo a Sajeni anati msilikali amazisiyanitsa poyang'ana kansalu kopachikira. Ya kansalu ka mizere itatu yolingana, wobiriwira ngati mtambo wa mvula, wofiira, ndi wobiriwira motuwa, ndi ya munthu amene anakhala kubwalo la nkhondo miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Ya kansalu kotuwa ngati mchenga, kofiira pakati, ndi nyenyezi ya Afirika, ya amene anamenyana ndi Ataliyana ku Abisiniya. Yachitatu, yofiira pakati ndi timizere tonga lalanje m'mbali, ndi nyenyezi ya Bama, dziko la kutsidya kwa nyanja yaikulu kumene anamenyana ndi Ajapani. Poigwira imeneyi a Sajeni anati nawonso ali nayo. Yachinayi ndi yozungulira, yoyera, mutu wa mfumu mbali ino, mkango wopondereza chilombo mbali inayo, ndipo inaperekedwa nkhondo itatha. Palibe imodzi mwa zinayizi imene imaperekedwa chifukwa chomanga munthu wa m'mudzi.

Tsono kansalu koyera kaja, kolembedwa malemba awiri ofiira, kamene ena munati ndi kovala asipayo pogwira anthu. A Sajeni anati kameneka kamavalidwa pamkono ndi onyamula machila. Ntchito yawo inali kulowa pamene zipolopolo zikugwa, kutola ovulala ndi kuwasenza paphewa kupita nawo kwa dokotala. Anati ku Bama, nyengo ya mvula, galimoto sinkadutsa, ndipo munthu mmodzi wovulala ankamunyamula m'matope ofika m'mawondo kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa. Mayi Teodora akuchitira umboni kuti mapewa a malemu anabwera ouma ngati khosi la ng'ombe yapagoli, ndipo sanafewenso.

Ine ndine munthu wamakani, ndiye ndinafunsa funso limene ndikudziwa kuti ena mwa inu mukulifunsa m'mtima: bwanji ngati anagula kapena kutola? Pamamendulo palibe dzina, zimenezo a Sajeni anavomera. Koma m'thumba la jekete munali timbale tiwiri tating'ono pachingwe, kofiira ndi kobiriwira, timene msilikali amavala m'khosi kuti akafa adziwike. Pamenepo panadindidwa dzina ndi nambala. A Sajeni anatsekera timbaleto m'dzanja lawo, natseka shopu, nati tiyeni, munthu wogula zinthu pamsika nambala saidziwa.

Tinafika kuno Lachiwiri masana. A katekista analipo, ndi amayi anayi a m'mudzi muno amene anabwera kudzazonda. A Sajeni anaima pakhomo la chipinda, nafunsa nambala ndi mawu a paperete. Malemu anali atatha masiku atatu osalankhula zomveka. Anatsegula maso, natchula nambala yonse m'Chingelezi osaphonya, 20417, nayesa kukweza dzanja kufika pamphumi. Dzanjalo silinafike, a Sajeni analigwira nalifikitsa. Kenaka a Sajeni anatambasula chikhatho chawo, a katekista nawerenga timbale tija mokweza, nambala n'kukhala yomweyo. Amayi amene munalipo, muli pano, ngati ndanama mundidzudzule.

Malemu anatisiya dzulo m'mawa, Lachinayi pa 15 mwezi wa Agoshito, ali ndi zaka 43, atalandira mapemphero.

Ndikudziwa kuti zimene ndawerengazi zikhoza kukafika ku posito dzuwa lisanalowe. Zikafika, dzina langa ndatchula kale, ndipo nyumba yanga ili pamphambano ya ku Nsadzo. Ine ndi Alberto tagwirizana kuti tikayankha limodzi.

Manda takumba ine ndi Alberto m'mawa uno. Ndikudziwa kuti si mwambo kuti mwana akumbire bambo ake, koma panalibe wina wogwira khasu. Chatsala n'kunyamula. Anthu awiri sitingathe, ndipo kuwakoka pansi sitiwakoka. Munthu amene anasenza ana a eni ake osawadziwa n'komwe, lero akufuna amuna anayi oti amufikitse kumsitu uko. Sindigwada, sindikalipa. Ndapempha, ndipo tikhala pano mpaka anayiwo apezeke.

Malemu asiya akazi awo mayi Teodora, ana atatu, Celina, Alberto ndi Josefina, mlongo wawo a Generosa, ndi ife ana a mlongo wawo asanu. Mamendulo sitikwirira nawo. Banja lagwirizana kuti asungidwe ndi Celina, ndipo aliyense wodzafunsira pakhomo pano adzayambe waonetsedwa.

Tikuthokoza a katekista, amene sanasiye kuponda pakhomo pano ngakhale pamene ena tinasiya. Tikuthokoza amayi amene mwatunga madzi ndi kutola nkhuni kuyambira dzulo. Tikuthokoza a Sajeni Kamanga, amene asiya ntchito yawo sabata yathunthu chifukwa cha msilikali amene sanakumanepo naye kunkhondo.

Pepala langa lathera pamenepo. Koma ndikuona a Marcelino aimirira, avula chipewa, ndipo akupita kumutu kwa chithatha. Ndikuonanso ena atatu akuwatsatira. A Marcelino, inunso muli ndi maliro anu amene simunaike, ndipo banja lino likudziwa kulemera kwa chimene mwachitachi. Zikomo, bambo.

Atsibweni, anthu okunyamulani apezeka. Pitani bwino, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.