Makateni Yakuda ya ku Chelstone

Pa queue ya mabasi ya ku Chelstone, mzimai wanyamula nsalu yakuda yolema. Ba mudala kumbuyo kwake bamuyangana na chifundo.

"Pepani mayo. Nindani watisiya?"

"Awe ba tata, kulibe wafa! Ni ya makateni. Bamuna banga banagula pulojekita, so room ya mafilimu ifunika mudima. Windo imozi ninatunga kudala, iyi ni ya second."

"Yakuda sure? Bantu sibazaona monga malilo?"

"Banaona kudala! Pa Saturday tinachosa masofa panja kuti ba kalipentala baboole chipupa. Imagine, kateni yakuda pa windo, masofa pa yadi. Maneba bamene sibananipaseko moni kuchokela pamene tinakukila kuja banangena balila, vitenge muchiuno. Benangu na nkuni pamutu."

"Iye! Manje munachita bwanji?"

"Nsoni, ba tata! Ninabankazika pansi, natseka kateni, nayasha filimu. Banayenda baseka. Manje road yonse banipasa moni na zina ya mwana wanga: 'muli shani bana Lubuto'."

"Kansi muli na bantu, mwana wanga."

"Maningi. Nikafa nizalilidwa bwino. Practice tinachita kudala."