Tambala wa Pansanja Wagwidwa Ukaidi

Kwathu kuno tambala wamkuwa wa pansanja ya tchalitchi akatsitsidwa kuti akonzedwe, amamuveka maliboni n'kumuyendetsa khomo ndi khomo, ndipo mbeta yomwe yamugwira mchira imakwatiwa chaka chisanathe. Ulendo uno womunyamula anali a Anselme, mmisiri wa madenga, munthu wabwino koma womva zinthu monga zanenedwera basi. Atafika kwa a Honorine, mayiwo anamukhazika tambala pakati pa tchizi ndi botolo la vinyo, n'kukhoma chitseko.

A Anselme anadandaula kuti mawa ansembe amudalitsa, makwerero achotsedwa, ndipo nsanja ikatsala yopanda tambala mudzi wonse uwaseka.

"Sachoka," anatero a Honorine. "Ndinamugwira mchira ndili mtsikana. Mpaka lero sanagwire ntchito."

"Amagwira, mayi. Amatembenuka ndi mphepo. Girizi ndapaka ndekha."

Mayiwo anapumira m'mwamba. Anafunsa ngati bambowo sanadabwepo kuti Lamulungu lililonse iwo amakhala pafupi ndi chipilala chopendekeka chija cha m'tchalitchi, pomwe pamadontha, pomwe bambo wina amabwera kudzasuntha ndowa. A Anselme nkhope inawala. Anafotokoza kuti amonke anamanga chipilalacho pa kasupe, kuti chinapendekeka nsanja itapsa pa nkhondo yakalekale, ndipo analonjeza kutseka podonthapo sabata yamawa.

"Mukatseka ndikuswani ndi ndowa yomweyo."

"Nanga mukufuna chiyani, mayi?"

"Mwamuna. Akapezeka, mbalame ituluka."

A Anselme anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga pa zala. Wophika buledi ali pabanja. Ansembe saloledwa. Wa positi amamwa. Zala zinatha, makutu anafiira.

"Ndatsala ndine," anatero, chipewa chili m'manja. "Ngati mwambo ukutero."

Ine ndimawamvera chisoni a Anselme. Ankawafuna mayiwa kuyambira kale, kungoti panalibe amene anawauza kuti zoterezi zimanenedwa pakamwa.

A Honorine anatsekula chitseko. Bambowo anakumbatira tambala wawo, nati atsala ndi khomo limodzi lokha, la a Clothilde, amasiye aja a kuseri kwa chigayo.

"Iyayi, a Anselme, molunjika kunsanja," anatero a Honorine atawagwira jekete. "Clothilde akangomugwira mchira, inuyo momwe ndikukudziwirani mutikwatira tonse awiri."