Nambala ya Bambo a Tadala Inafa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amayi anzanga amene amuna anu anakwera basi ya ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Ine ndine mayi a Tadala, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ndinatsala pang'ono kugona panja ndi ana atatu chifukwa cha munthu amene kumutcha mwamuna n'kungomulemekeza.

Kuno nyumba ya kumalaini, kumene kumakhala antchito a esiteti, imatsata nambala ya ntchito. Wolembedwa anali bambo a Tadala, ine ndinkangotchedwa wothandizira. Koma funsani aliyense kuti dengu linkakhala kumsana kwa ndani. Iwo akathyola pang'ono, msana wawawa, uyo pansi pa bulugamu kukafotokozera anzawo za ku Joni kumene anali asanapondeko n'komwe. Masamba anga ndinkayezetsa pa nambala yawo. Tsiku la malipiro msanawo unkachira wokha.

Lolemba lina m'mawa anapukuta nsapato nati, "Mayi a Tadala, ine sindinabadwire tiyi. Mundipatse miyezi itatu, ndikutumizirani malata." Malatawo mpaka lero akadali m'njira. Foni inalira kawiri, kenako zii. Nditamva kuti apeza wina wowaphikira kumeneko, ndinamumvera chisoni mkaziyo.

Koma mantha anandigwira zenizeni. Agogo anga anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambiki atasenza mphasa, ndipo anafera m'malaini momwemu. Ife tilibe mudzi wothawirako, ngakhale kamunda kodzala nandolo. Nditapita kwa alamu anga, omwe ankadya pakhomo panga mpaka kunyambita zala, anandiyankha kuti ana ndi a kuchikazi, iwo sizikuwakhudza. Mwambo anthu ena amaukumbukira pakagwa vuto basi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinachita cholakwa, ndipo sindibisa: ndinapitiriza kuyezetsa pa nambala ya munthu wothawa. Akapitawo akafunsa, ndinkati bambo akudwala. Miyezi iwiri ndinapemphera ndili m'kati mwa tiyi, chitenje chili chonyowa ndi mame, kuti, "Ambuye, ine ndanama, koma ana anga sananame. Musawachotsere denga."

Mayi wina wa khomo loyandikana, amene ankasirira nyumbayo kuti alowemo mchimwene wake, anakandinenera ku ofesi. Mayiyu ndi uja amayambitsa nyimbo kutchalitchi maso ali tsinzini. Atandiitana, ndinapeza abwana atakhala, pambali pawo pataima mayi Muhiwa, oyang'ana masamba pa sikelo, a Sabata a ku Makwasa. Mayi amenewo samwetulira. Amapisa dzanja mpaka pansi pa dengu, akapeza mitengo n'kukubweza pamaso pa anthu. Ndinkadana nawo, ndipo nditawaona ndinadziwa kuti zanga zada.

"Amuna anu ali kuti?" anafunsa abwana.

"Ali ku Joni, bwana. Ndinanama."

Abwana asanatsegule pakamwa, mayi Muhiwa anati, "Bwana, dengu la nambala imeneyi ndalipisa zaka zisanu. Munkakhala manja a anthu awiri: wina masamba awiri ndi nsonga, wina mitengo yokhayokha. Chichokereni bamboyo, mitengo inatha. Wantchito wanu ndi uyu waima apayu. Wathawayo anali mlendo."

Ndinalira ngati mwana. Abwana anandidzudzula kwambiri chifukwa cha bodzalo, ndipo zinandiyenera. Koma tsiku lomwelo anafufuta nambala ya bambo a Tadala, n'kundipatsa yangayanga, nyumba n'kulembedwa m'dzina langa. Mulungu anadzera pakamwa pa munthu amene sindinkamupatsa ngakhale moni.

Patatha zaka ziwiri, masana ena ndikuweruka, ndinapeza munthu atakhala pakhonde, nsapato zosongoka, kawayilesi m'manja, akuyankhula Chizulu chothyokathyoka. Anali bambo a Tadala, atawabweza ku Joni opanda ngakhale supuni, ndipo mkazi uja anali atatopa nawo kale. Zoonadi, mapanga awiri avumbwitsa.

"Tsegulanitu m'nyumba mwanga, mayi a Tadala."

"Nambala yanu inafa, bambo. Ngati msana unachira, Lolemba akulemba aganyu. Dengu ndikubwerekani."

Monga Mkhristu ndinawakhululukira. Madzi akumwa ndinawapatsa, ana anawapatsa moni, kenako ndinawalozera njira ya kwa alamu aja. Lolembalo sanabwere.

Ndikuthokoza Mulungu amene amaona pansi pa dengu. Amayi anzanga, musanamizire kudwala munthu wothawa monga ndinachitira ine. Pitani mukalembetse dzina lanu, pempherani, ndipo musafooke. Ana anga akugona pansi pa denga, ndipo kiyi wa nyumbayo ali m'khosi mwanga muno. Ulemerero upite kwa Iye. Ameni.