Nthochi Yaimuna

Loweruka m'mawa, pamzere wogula nthochi mumsika wa ku Cuatro Caminos ku Madrid, amayi awiri osadziwana ochokera ku Santo Domingo ankacheza.

"Achemwali, thumba lonseli nthochi zokhazokha? Kuli ukwati?"

"Kuli mangú, amayi, nthochi zosinja za kwathu zija! Nditangofika kuno ndinapempha plátano, dzina la nthochi zophika kwathu, anandipatsa nthochi zakupsa, zotsekemera. Nditawiritsa n'kusinja, linatuluka phala la mwana. Apongozi anati sindidziwa kuphika."

"Kuno umati plátano macho, yaimuna!"

"Ndikanadziwa bwanji kuti nthochi ili ndi mwamuna? Dzulo ndinapeza zaziwisi, zolimba. Ndinasinja, pamwamba anyezi wa viniga."

"Apongoziwo anati chiyani?"

"Akanayankhula bwanji pakamwa pali podzaza? Thumbali ndi lawo, andituma ndi iwowo."